Zimene Ndachotsa M'nkhaniyi

Bishkek, Januwale, usiku wapita kale.
Utsi wa malasha watsamira pazenera ngati kazitape,
ndipo ine Nurzada, mkonzi wa atolankhani asanu ndi ketulo imodzi,
ndagwira cholembera chofiira,
ndikuchotsa zoona.

Ndachotsa chipsera cha pachibwano cha mtsikana uja.
N'chenicheni. Anachipeza pachitseko cha galimoto
tsiku lomwe anyamata anayi anamukwatula pasiteji ya basi
kuti akakhale mkazi wa munthu yemwe ngakhale dzina sankamudziwa.
Cholpon analemba bwino, anachiyeza ndi maso:
chotalika ngati njere ya mpendadzuwa.
Koma kumudzi kwawo chibwano chotere n'chimodzi chokha.
Ndadula.

Ndachotsanso mawotchi.
Mnyamata amene apolisi awiri anamunyengerera pafoni,
akudziyesa bwenzi, mpaka anafika yekha kupaki,
n'kumuuza kuti: ndalama pano,
apo ayi bambo ako amva lero kuti umakonda mwamuna mnzako,
iyeyo amakonza mawotchi pafupi ndi msika wa Osh.
Ndamusandutsa wophika buledi.
Andikhululukire, manja ake sanagwirepo ufa.

Amene amapeta amataya mankhusu.
Ine ndikutaya maso enieni a mbewu
kuti mwini munda aone mawa.

Miyezi isanu ndi inayi tayenda nayo nkhaniyi.
Cholpon anathera nsapato m'misewu ya ku Naryn,
anagona m'makhichini a anthu, foni ili pansi pa pilo,
mawu a akazi khumi ndi atatu ali m'menemo, ena akunong'ona
chifukwa apongozi anali kuseri kwa khoma.
Loya wathu Ermek, magalasi pamphumi,
akuti chiganizo chilichonse chikhale ndi miyendo itatu:
mboni, chikalata, ndi mboni ina yosadziwana ndi yoyamba.
Zamiyendo iwiri zagona m'kabati, ngakhale ndikudziwa n'zoona,
ndipo zimandiluma ngati nsabwe za m'msoko.

Tinalemba kalata kufunsa mbali yawo.
Yankho silinabwere. Yabwera ndi galimoto yotuwa
imene yaima panja kuyambira Lachiwiri, injini ili chilirire.

Madzulo amayi anaimba foni.
Za atsikanawo ndamva, mwanawe, koma enawo
walowa nazo bwanji? Anthu atinena.
Ndinati, amayi, shelefu yake ndi imodzi.
Dandaulo la mtsikana ndi la mnyamata agonera limodzi,
fumbi lake limodzi, siginecha yotseka mlandu imodzimodzi.
Anangoti zii. Kenako: wadya koma?

Siginechayo ndaisiya.
Madeti ndasiya, nambala za mafayilo, masomu zikwi makumi atatu
amene mnyamata anakongola kwa azakhali ake.
Amphamvu aonekere nkhope yonse,
ofooka ndawaveka zovala za eni.

Folo koloko foni yalira.
Ndi iye, wa mawotchi, mawu ouma ngati sanagone.
Mayi, akuti, bwezerani mawotchi anga.
Ndabisala zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi,
sindifuna kubisalanso m'nkhani yanga yomwe.
Lembani dzina.

Ndayang'ana galimoto ija. Ndayang'ana cholembera.
Kulimba mtima kwa folo koloko ndimakudziwa,
kumasungunuka dzuwa likatuluka
ngati chipale cha padenga la malata.
Koma dzinalo ndi lake, si langa.
Ndine yani kuti ndimutsekere m'nyumba yophikira buledi?

Ndati, kagone kaye, m'bale wanga.
Nkhani ituluka eyiti koloko.
Ukadzuka, udye, uyang'ane nkhope ya bambo ako patebulo,
ndipo ngati ukufunabe, undiimbire seveni.

Tsopano masamba awiri ali pamaso panga,
lina la buledi, lina la mawotchi.
Ketulo yazirala.
Cholpon wagona pampando, jasi kumutu.
Pakhoma wotchi yathu, yotsalira mphindi zisanu ndi ziwiri chaka chonse,
ikudikira munthu woikonza.